Sitima ya Pamwamba pa Kabati

Usiku umenewo tulo tinandikana, ndipo mlandu ndinaupereka kwa agalu a ku Kawale. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Mangalande, kumene ndinakhala mpaka kumera imvi, ndipo chilichonse cha kuno chinkandiputa: mipanda ya njerwa pamene ndinasiya mitengo ya mibawa, ana oyankha akuluakulu manja ali m'thumba, ngakhalenso agalu amene. Ndinkaona ngati a masiku athu aja ankauwa mwaulemu. Ndinkagona kwa msuweni wanga Fatsani Nkhoma, mwana wa amalume, amene anapuma ntchito ya kubanki n'kupeza kuti manja ake alibe chogwira.

Kuseri kwa khoma ndinkamva bedi lake likulira, iye akungotembenuka. Kenaka zii. Patapita nthawi ndinamva mawu ake, otsika ngati a mwana wogwidwa dzanja lili mumphika: “Wawa, agogo.”

Agogo athuwo anamwalira ife tidakali anyamata. Koma kuti mumvetse, ndiyambe ndi sitima.

Agogo Zakeyo Nkhoma anapita ku nkhondo ya azungu ija ya ku Burma limodzi ndi mkulu wawo, Yotamu. Anabwerako okha. Yotamu anadwala m'sitima ya pamadzi ali paulendo wobwerera, anafera momwemo, ndipo anamusokera m'chinsalu n'kumuponya m'nyanja yamchere. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Mponela, akuluakulu anati achite monga mwa mwambo. Munthu akafera kutali, mtembo osaoneka, amaika thunthu la nthochi m'manda, kuti mzimu wake ukhale ndi pofikira ndi abale akhale ndi polirira. Agogo anakana. Anali atabatizidwa kunkhondo komweko, chikhristu chidakali cha moto. “Nthochi si m'bale wanga,” anatero. Anthu anawasiya, poti munthu wochokera kunkhondo sankatsutsidwa kawiri. Pambuyo pake anadzakhala mkulu wa mpingo, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo.

Yotamu anasiya mwana wamkazi amene anabadwa iye ali kunkhondo. Ndiwo a Nankhoma, amene Fatsani amawatchula azakhali. Mayi awo atamwalira, anakulira pakhomo pa agogo.

Chimene agogo anabwera nacho kunkhondo, kupatula chifuwa, linali bokosi la timatabwa todulidwa kale, logula m'sitolo ya ku Mombasa. Inali sitima yaing'ono ya matanga, yoti wogulayo alumikize yekha. Agogo analumikiza, ndipo Mulungu awakhululukire. Milongoti inapendama ngati anthu ochokera kumowa. Timatabwa ta m'nthiti sitinakumane, moti mipata anaitseka ndi phula la njuchi. Pamene pankafunika guluu iwo anakhomapo misomali ya nsapato, tsigiro analiika chadodolido, n'kupaka chonsecho utoto wobiriwira wotsala pachitseko cha tchalitchi. Chinthu chimenechi chinakhala pamwamba pa kabati moyo wawo wonse, ndipo mwana wochikhudza ankalawa mkwapulo.

Agogo atamwalira chinapita kwa amalume, amalume atamwalira chinagwera Fatsani. Ine pofika ndinampeza atachiyala pathebulo lodyera, magalasi ali pamphuno, akutsatira mzungu wina wa pafoni amene amaphunzitsa kukonza zoterezi.

“Msuweni,” ndinatero, “ku banki kuja unkawononga ndalama za anthu, tsopano wayamba zombo?”

“Khala chete, mtchona iwe. Ukanakhala munthu ukanandibweretsera vanishi wabwino, osati mabuku ako onunkha chinyezi aja. Taona apa. Agogo ankalidziwa Baibulo, koma nyundo ayi.”

Ndinene zoona, ntchito ankaigwira bwino. Anazula misomali umodziumodzi osang'amba thabwa. Utoto wobiriwira uja anausenda ndi sandipepala mpaka mtengo wofiirira unayamba kuoneka pansi pake. Milongoti anaichotsa n'kuinyika m'madzi otentha kuti iwongoke. Chinatsala n'kutsegula thabwa la pamwamba, limene agogo analimata phula lochuluka kuposa pena paliponse.

“Ukamaliza uyiike pati?”

Anati mkamwini wake akutsegula malo omwera mowa m'tauni, ndipo akufuna chinthu chakale choti aike pamwamba pa mabotolo. Ndinaseka mowawidwa. Ndakhalapo m'malo otere kutsidya kuja, kumene amapachika makasu ndi nyali za anthu akufa kuti oledzera azimva ngati ali ndi mbiri. Sindinkadziwa kuti matendawa anafika kale kuno.

Sabata yomweyo tinali titapita kumudzi kukaona a Nankhoma, amene miyendo inali itatupa. Tinawapeza pakhonde, akuyang'ana anthu obwerera ndi makasu kuchokera kokonza manda. Atandizindikira anati, “Ndiwe uja unathawa? Wabwera kudzafera kuno? Wachita bwino. Kufera kutali n'kupatsa ana ntchito.” Kenaka analoza anthu aja ndi chibwano. “Aliyense ali ndi poloza kuti bambo anga ali apa. Ine ndakalamba ndilibe poloza. Ndikakafika uko ndikawapeza kuti, munthu woti sanalowepo m'mudzi?”

Fatsani anawauza kuti asamalankhule zotero, n'kuwapatsa shuga ndi buledi. Umo ndi mmene timayankhira okalamba masiku ano.

Tsopano maloto a Fatsani a usiku uja, monga iye mwini anandifotokozera.

Akuti anaona ali m'chipinda chake chomwecho, koma pansi pankayenda. Bedi linkapendekera uku, n'kubwerera uku, pang'onopang'ono, ndipo nsapato zake zinkatsetsereka zokha kuchoka kukhoma kupita kuchitseko. Munali fungo la mchere, la chitsulo chonyowa, ndi la phula losungunuka. Kunja agalu anali atasiya kuuwa, m'malo mwake munkamveka injini yaikulu ikugunda pansi penipeni, ngati mtondo wa kumudzi wina wakutali.

Kumiyendo kwa bedi kunakhala munthu. Sanali agogo a jekete lakuda aja amene tinkawadziwa. Anali mnyamata wowonda, wovala kabudula wa khaki, wopanda nsapato, madzi akudontha m'malaya ake n'kunyowetsa bulangete. Fatsani anawazindikira ndi khutu lawo lakumanzere long'ambika, ndi katsokomoledwe. Sitima ija anaifungatira pamiyendo, ili yobiriwira ngati kale, ndipo chala chachikulu chinkasisita paphula paja.

Kenaka anati, “Fatsani.”

“Wawa, agogo.”

“Utoto wasenda. Senda, unali woipa. Misomali wazula. Zula.” Anatsokomola. “Koma m'katimu muli munthu.”

Fatsani akuti anafuna kufunsa, koma agogo anapitiriza.

“Ndinamukaniza dothi. Ndinati ndikutumikira Mulungu, chonsecho ndinkangoopa kuvomera kuti wapita. Kuno sandiyankhula. Sanafike n'komwe. Adakali pamadzi.” Apa agogo anadzutsa mutu koyamba n'kumuyang'ana. “Ine ndinamutsekera pakabati. Iwe ukufuna ukamuike pamowa? Mupititse kwa mwana wake, mwanayo asananyamuke.”

Anaimirira, naika sitimayo pachifuwa cha Fatsani. Akuti inalemera ngati thumba la chimanga, moti anadzuka akulimbana ndi mpweya, bulangete lili louma, agalu akuuwa monga mwa masiku onse.

Kutacha ndinampeza atakhala pathebulo paja, tiyi atazizira, sitima ili patsogolo pake. Atandiuza, ine wowerenga mabuku ndinayamba kumufotokozera kuti maloto ndi zotsalira za maganizo a masana, kuti mawu a azakhali ake aja ndi amene anamutsatira kubedi.

“Chabwino, aprofesa,” anatero. “Mpeni uwu. Tsegulani inuyo.”

Sindinautenge.

“Sinditsegulira pano,” anatero, akukulunga sitimayo m'chitenje cha mkazi wake. “Ngati muli kanthu, mwini wake alipo. Ngati mulibe, ukandiseke njira yonse pobwerera.”

Mkamwini uja anaimba foni tili pa Lumbadzi, kufunsa ngati vanishi wauma. Fatsani anangoti, “Gulani wotchi muikepo, bambo,” n'kudula.

A Nankhoma tinawapeza atagona pamphasa m'nyumba. Ataona chimene Fatsani ankamasula, anabweza manja kumbuyo, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu.

“Chimenecho sindigwira. Chinandikwapulitsa. Ndinkangopukutapo fumbi, bambo aang'ono anandimenya mpaka ndinakodza.”

Fatsani anagwada, nawauza maloto onse osachotsapo kanthu. Kenaka anatenthetsa mpeni pamoto n'kuyamba kudula phula lija. Fungo lake linadzaza nyumba. Thabwa linatseguka. M'katimo munali kansalu ka khaki, ndipo m'kansalumo munali chithumwa chaching'ono chachikopa, chakuda ndi thukuta lakale, chingwe chake chodulidwa ndi mpeni.

A Nankhoma sanalire msanga. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Amayi ankanena,” anatero. “Ankati agogo anga aakazi anawasokera bambo chithumwa chapamkono popita kunkhondo, kuti chipolopolo chiziwalambalala. Chinagwira ntchito yake. Chipolopolo sichinawapeze.” Anatambasula dzanja, Fatsani anawaika chithumwacho pachikhatho. “Ndiye bambo aang'ono anachidula asanawaponye m'madzi. Mkulu wa mpingo, kusunga chithumwa! Kutaya sakanatha, kuonetsa sakanatha.” Anafumbata. “Zaka zonse zija ndinkasesa m'nyumba imene ija. Bambo anga ali pamwamba pa kabati, ine ndikufunsa anthu kuti kodi nyanja yamchere ili mbali iti.”

Apa m'pamene analira, ndipo sanalire ngati nkhalamba.

Sindidzanamiza munthu kuti mudzi wonse unakondwa. Ena a mpingo anang'ung'udza, ena achinyamata sankadziwa n'komwe kuti mwambo wotere unaliko. Koma eni mbumba anakhala pansi, amfumu anavomera, ndipo patapita masiku ochepa adzukulu, anthu okumba manda aja, anadula thunthu la nthochi kudimba n'kulikulunga munsalu yoyera, chithumwa chili pakati. Pakamwa pa adzukulu sipanasinthe, chimenecho chokha ndinachipeza monga ndinachisiyira.

“Maliro awa ndiye ochedwa,” anatero mmodzi, akupukuta thukuta. “Bambowa anayenda wapansi kuchokera ku Burma?”

“Anakwera sitima ya a Zakeyo,” anayankha mnzake. “Tsigiro lake linali chadodolido, ndiye ankangozungulira.”

Anthu anaseka, ngakhale a Nankhoma, amene tinawabweretsa pangolo chifukwa miyendo inakana. Dzenje litakwiriridwa anapempha kuti tiwatsitse. Anagwira mtumbirawo ndi manja onse awiri, nati, “Bambo, ndine Nankhoma. Simunandionepo. Mwafika.”

Ine ndinaima kumbuyo, chipewa chili m'manja, ndikuganiza za anzanga amene ndinawasiya m'dothi lozizira la kutsidya lija, ndi kuti kwawo kulibe amene anawadulira nthochi.

Fatsani anamaliza sitima ija titabwerera ku Kawale. Anawongola milongoti, anatembenuza tsigiro, anasoka matanga atsopano, napaka vanishi mpaka inawala. Inakongola kuposa mmene agogo akanalotera, ndipo nditaiona mtima unandiwawa, chifukwa dzanja lawo linali litafufutika ponseponse. Iyenso anaona. “Ndinafulumira ndi sandipepala,” anatero. Paphula paja pokha anasiya banga lakuda, osalisenda.

Tinapita nayo kumudzi mvula yoyamba itagwa. A Nankhoma anali atafooka kwambiri, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Fatsani anafunsa kuti ayiike pati, poti m'nyumbamo munalibe kabati.

“Bwera nayo kuno,” anatero. “Tsopano palibe wondimenya.”

Anawaika pamiyendo. Anayendetsa chala m'nthiti mwake, pamilongoti, mpaka chinafika pabanga lija n'kuima. Kenaka anainyamula pang'ono ndi manja awo owonda aja, ngati mayi woyesa kulemera kwa mwana.

“Yapepuka,” anatero.

Usiku umenewo Fatsani anagona osatembenuka. Ndikudziwa, chifukwa ine ndinali maso.