Ufa Wobiriwira

Nyumba ya a Celestina ku Ntengo-Wambalame inatha kumangidwa chaka chimene amuna awo anamwalira. Malata anali atakhomedwa, zipupa zitamatidwa simenti, koma tinta, penti ija, sinapakidwe. Inakhala choncho, yotuwa ngati phulusa, mpaka tsiku lina mwana wawo Quintino, amene ankakonza magalimoto ku Moatize, anaimba telefoni kuti akubwera kudzaipinta.

A Celestina ankadziwa kuchedwa kwa ntchito ya pinseli, burashi yopakira tinta. Pamene akhristu ankapaka tchalitchi chawo, sabata inatha asanafike n'kukhomo komwe. Choncho anati mumtima, mwana uyu akhalitsa. Anagula pinseli ziwiri pamsika, ina yawo, kuti azidzapaka m'munsi iye akupaka m'mwamba, uku akucheza. Anafulula thobwa, natsekera tambala m'khola kuti anone. Nkhani zokamba zinalipo zambiri: ng'ombe zimene zinalibe woziyang'anira bwino, malire a munda wa mbatata amene achibale a malemu ankawasuntha pang'onopang'ono, ndi mwendo wawo wakumanzere umene unayamba kutupa, iwo osauza munthu.

Quintino anafika Lachisanu dzuwa litapendeka, pa mota ziwiri, njinga zamoto za hayala. Ina inanyamula iye, ina zigubu za tinta, jeradolo yopangira magetsi ndi kabokosi kokhala ndi paipi yaitali.

"Ichi n'chiyani, mwanawe?"

"Pistola, amayi. Makina opopera tinta. Nyumba yonseyi mawa dzuwa lisanalowe yatha."

"Mawa lomweli?"

"Lolemba ndiyenera kukhala pantchito. Folga yanga, masiku opuma, ndi yomweyi."

A Celestina anayang'ana pinseli zawo zimene anaziika pazenera. Quintino anaziona, naseka mopanda chipongwe.

"Zimenezo n'zotaya nthawi, amayi. Musunge, mudzapakira khola."

M'mawa mwake jeradolo inalira nkhuku zisanamwazike. Unali mwezi wa Agosto, mphepo ikutsika m'mapiri yozizira ndi youma. Quintino anavala chophimba kumphuno, namata manyuzipepala pamagalasi, n'kuyamba. Kunena zoona, makinawo ankagwira ntchito. Pamene pistola yadutsa, chipupa chinkasanduka chobiriwira ngati dimba, chosalala, chopanda mizere. Anthu opita kuchigayo ankaima pamsewu kuonerera, ndipo a Celestina anamva kukoma pang'ono poona mwana wawo akuyang'anidwa choncho.

Koma panalibe poti iwo agwire. Atayandikira, Quintino anawakwezera dzanja kuti abwerere, utsi wa tinta ungawalowe m'chifuwa. Atayesa kuyamba nkhani ya ng'ombe, mawu awo anamira m'phokoso. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali pachipupa. Tambala uja anaphikidwa, Quintino n'kumudya chiimirire, chophimba chili pachibwano, jeradolo ikulirabe chifukwa ankati ikazima imavuta kudzuka. A Celestina anabwerera kukhitchini, nakhala pampando kumasenda mbatata zimene panalibe wozidya.

Ali komweko anaona a Olívia akulowa pampanda. A Olívia anali oyandikana nawo nyumba kuyambira onse ali akwatibwi, ndipo ndiwo anamugwira Quintino paubatizo, n'kukhala madrinya wake. Awiriwa ankaitanana kuti komadre. Loweruka lotsatira mwana wa a Olívia, Vânia, ankakwatiwa, ndipo pabwalo lawo lonse panali mphasa za ufa woyera woyanikidwa, wodzadyetsa alendo.

A Olívia sanapereke moni. Anatambasula manja onse awiri. Ufa umene unali m'manjamo unali wa timadontho tobiriwira, ndipo unkanunkha tinta.

"Mphasa zonse, komadre. Ndi nsalu zapatebulo zimene tinabwereka kutchalitchi."

A Celestina anathamanga motsimphina kukamukoka Quintino malaya. Iye anatsitsa chophimba, namvetsera, nayang'ana kumene mphepo inkapita. Nkhope yake inagwa.

"Pepani, madrinya. Sindinaganize. Ndikafika ku Moatize nditumiza ufa wa m'sitolo."

"Ufa wa m'sitolo paukwati wa mwana wanga," anatero a Olívia, osakweza mawu.

"Zimitsa chinthucho," a Celestina anamuuza.

"Amayi, chipupa chatsala ndi ichi chokha. Ndikaima pano tinta iumira m'paipi, makina a eni ake awonongeka. Zawonongeka kale zija, palibe chimene chisinthe."

Anakwezanso chophimba chija, napitiriza. A Olívia anaimirira pomwepo, ufa uli m'manja, kuonerera nkhungu yobiriwira ikuwoloka mpanda kupita pabwalo lawo. Anadikira mpaka chipupa chinatha. Kenako anakhuthulira ufawo pansi, napukuta manja pachitenje, n'kumapita.

Dzuwa lisanalowe nyumba inali itathadi. Quintino anatsuka makina ake mosamala, najambula nyumbayo ndi telefoni mbali zonse. Madzulo mutu unkamuwawa chifukwa cha fungo, ndipo anagona msanga. Lamulungu anthu akupita ku Misa, iye anali akumanga katundu pa mota.

"Za ng'ombe zija tidzakamba patelefoni, amayi. Koma nyumba mwaiona? Mudzi wonse uno palibe yotere."

"Ndaiona," anatero a Celestina.

Tsiku lomwelo anatsegula nkhokwe yawo. Anatonola chimanga mpaka zala zinachita matuza, nakakonoletsa, naviika mphale m'migolo. Koma ufa woyera suthamangitsidwa. Mphale inafuna masiku ake m'madzi, ndipo kunja kunachita mitambo, ufa osauma bwino. Umene anapita nawo kwa a Olívia unali wochepa ndi wonyowerera. A Olívia anaulandira pakhomo, nathokoza monga amathokozera munthu wachilendo. Ufa wa m'sitolo uja unafika ukwati utapita kale.

Paukwatipo a Celestina anavala chitenje chakale, natenga mthiko wawo waukulu, kupita kuseri kumene amayi ankaphika. Maukwati onse ndi maliro onse a banja limenelo iwo ndiwo ankagawa ndiwo. Mng'ono wa a Olívia anawachingamira asanafike pamafuwa.

"Kuno takwanira, amayi. Inu ndi alendo, tiyeni mukakhale pampando."

Anawaperekeza mwaulemu mpaka kutsogolo, nawakhazika pakati pa abale a mwamuna ochokera ku Furancungo, amene sankadziwa ndi mmodzi yemwe. Anawabweretsera mbale ndi supuni. Patebulo la akwati anayalapo zitenje m'malo mwa nsalu zoyera zija. A Celestina anakhala pamenepo mpaka nyimbo zinatha, mthiko uli pansi pa mpando.

Kuyambira pamenepo, a Olívia ankadzera njira yakumunsi popita kumjigo. Moni ankayankha, koma osaima. Ana a kumeneko analeka kudzapala moto. Anthu odutsa pamsewu ankayamikirabe nyumbayo, ena n'kufunsa nambala ya mwana amene anaipinta, ndipo a Celestina ankawapatsa.

Mvula itayandikira, Quintino anaimba. Anati wapeza ntchito yopinta sitolo ya munthu wina ku vila ya Tsangano, ndipo adutsa pamsewu waukulu Loweruka.

"Kunyumba sindifika, amayi, nthawi yachepa. Chigubu cha tinta chinatsala chija mupatse wa mota andipezere pamphambano."

A Celestina sanaitane wa mota. Anasenza okha chigubucho, nayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo, n'kukakhala pansi pa mtengo wa bulugamu pamphambano kuyambira m'mawa. Shapa, minibasi yonyamula anthu, inafika masana, yodzaza mpaka pakhomo. Quintino anatulutsa mutu pazenera.

"Amayi, mwabwera nokha? Bwanji mukutsimphina?"

Iwo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kondakitala anali atalanda kale chigubucho n'kuchikankhira pansi pa mpando, uku akumenya chitseko kuti galimoto inyamuke.

"Ndidzaimba," anatero Quintino, shapa ikuyenda.

A Celestina anadikira kuti fumbi litsike. Anapinda nkhata yawo, naimanga kunsonga ya chitenje, n'kuyamba ulendo wobwerera.