Maso a Tabita

Ndinathyola tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa esiteti ndinaphunzira kuti munthu wogwira pepala ndi cholembera akakufunsa za m'nyumba mwako, uziyankha kuti kulibe. Ku kiliniki ya kampani ukangovomera kuti uli ndi mwana wodwaladwala, mawu ankafika kwa kapitawo dengu lako lisanakwere pasikelo. Nyengo yothyola ikatha dzina lako silinkaitanidwanso, m'nyumba ya kukomboni n'kulowa wina. Ife ana a anthu a ku Malawi, obadwira kuno m'dziko la eni, tinalibe munda wothawirako.

Tsopano ndimakhala ku Mandeya, m'chigwa cha Honde, pa kamunda ka nthochi, ndi mwana wanga Shylet ndi mdzukulu wanga Tabita, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene amanditcha sekuru, ndiko kuti agogo m'chilankhulo cha kuno. Tabita anayamba ndi kudzikanda. Tinati ndi chitedze cha m'njira ya kusukulu. Kenako mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chinatuwa, maso n'kuchita chikasu. Ku kiliniki anamuyeza malungo kawiri osawapeza. Amayi a kutchalitchi kwa Shylet anabwera ndi madzi opempherera. Mwana ankangodzikandabe mpaka miyendo kuchucha magazi.

Maso amenewo ine ndinali nditawaonapo kale, koma sindinauze munthu.

Anatipatsa kalata ya ku chipatala chachikulu ku Mutare. Dokotala wake anali wamkazi, wamsinkhu wa Shylet. Anamutosa Tabita pamimba, anamutsegula zikope, kenako anatembenukira kwa ine.

"Sekuru, kubanja kwanu kapena kwa malemu akazi anu, alipo mwana amene anadwalapo chonchi? Maso achikasu, kuyabwa, mwina kumwalira ali wamng'ono?"

Cholembera chinali chitagunda kale pepala.

"Kulibe," ndinatero.

"Kulibe, adokotala," Shylet anathirirapo. "Ine ndinabadwa ndekha. Kwa bambo ake a Tabita nakonso onse ali bwino."

Dokotala analemba. Anati magazi awatenga, ndipo chikasu cha ana nthawi zambiri chimabwera ndi madzi oipa n'kutha chokha. Tibwerenso pakatha milungu inayi.

Tinatsika kupita pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Shylet anapita kukagula mabanzi, ine ndi Tabita tinakhala pamwala. Mwanayo anavula nsapato, anatola chitsekerero cha botolo n'kuyamba kupala nacho kuphazi.

"Sekuru, ndikandeni kumsana. Zikhadabo zanu ndiye zabwino, zili ngati makasu."

Ndinamukanda. Hana naye ankapala mapazi chomwecho, iye ndi chitsononkho cha chimanga. Hana anali mwana wathu woyamba, ine ndi mkazi wanga Sofiya, tikugwira ntchito pa esiteti ina kufupi ndi nkhalango ya Chirinda, ku Chipinge. Anayamba ndi kuyabwa, kenako chikasu, kenako mimba inatupa. Ku kiliniki sitinapite naye. Sofiya ankamutsekera m'nyumba kuti akazi a kapitawo asamuone. Atamwalira tinauza anthu kuti yamuluma njoka. Chaka chotsatira tinasamukira ku Honde kumene panalibe wotidziwa, ndipo Shylet anabadwira kumeneko. Sofiya anapita kumanda osamutchulapo Hana.

Kuyambira chikasu mpaka maliro, Hana sanathe chaka. Ndinayesa kuwerenga kuti milungu inayi imachotsapo zingati, mutu unakana.

Shylet anabwera ndi mabanzi. Kondakitala wa kombi yopita kwathu anali akukuwa kale kuti Ruda, Ruda, atsala anthu atatu.

"Sunabadwe wekha," ndinatero.

"Mwati chiyani, baba?"

"Unali ndi mkulu wako. Dzina lake Hana. Anafa ndi maso ngati awa."

Anaika mabanzi pamwala. Ndinamuuza za chitsononkho, za njoka, za nyumba ya kukomboni.

"Nyumba iti?" anakuwa, amayi ogulitsa mapeyala n'kucheuka. "Baba, kampani inakutayani msana utangoyamba kukuvutani! Nyumba imeneyo mukukhala anthu ena zaka khumi tsopano. Mukubisira ndani? Mwana wanga afe chifukwa cha kapitawo amene anaola kale m'manda?"

"Anthu a mapepala suwadziwa iwe. Akalemba, alemba."

"Ndiye alembe!"

Anamunyamula Tabita kumsana, mwana wamkulu chonchija, n'kuyamba kukwera mtunda wa kuchipatala. Ndinatola nsapato zija n'kumutsatira. Kombi inapita.

Pakhomo namwino anati nthawi yathu inadutsa, tibwere tsiku lolembedwa pakhadi. Shylet anayamba kuchonderera. Ine moyo wanga wonse sindinakwezepo mawu pamaso pa munthu wa yunifomu, koma tsikulo ndinalankhula mpaka a pamzere anamva.

"Mwanangu, kawauze adokotala kuti nkhalamba ija inanama. Mwana wanga woyamba anafa ndi maso omwewo. Ndinamuika ndi manja anga."

Dokotala anatuluka yekha. Ndinadikira kuti andikalipire, kapena andifunse chitupa changa, chimene ndimadana nako kuchitulutsa chifukwa chimati ndine mlendo. Anangokoka mpando. Anadula mzere pa mawu anga aja n'kufunsa kuti Hana anali ndi zaka zingati, kuyabwa kunayamba liti, mimba inatupa liti, kodi anasanzapo magazi. Ndinayankha zonse. Ndinadabwa kuti palibe chimene ndinaiwala.

Tabita anamugoneka tsiku lomwelo. Mawa lake anamuunika m'mimba ndi makina, kenako anatitumiza ku Harare kumene anamulowetsa m'makina ena aakulu aphokoso, n'kutengako kachidutswa ka chiwindi ndi singano. Zotsatira tinadikira milungu itatu. Dokotala anatijambulira papepala timizere ngati mizu ya udzu. Anati ndi tinjira timene ndulu imadutsamo pochoka m'chiwindi. Ta Tabita ndi topanikizika, ndulu imabwerera m'mbuyo n'kumawononga chiwindi pang'onopang'ono. Ndi matenda osowa, ndipo mwa ana ena amayenda m'magazi a banja.

"Achira?" Shylet anafunsa.

Dokotala anati kuchiriratu ayi. Pali mapiritsi othandiza ndulu kuyenda, ena oletsa kuyabwa, ndi mavitamini, tsiku lililonse osadumpha. Akatentha thupi tithamange naye tsiku lomwelo. Ana ena amakula nawo bwino, ena amadzafunika chiwindi china, ndipo zimenezo n'zakunja. Tabita ali mbali iti, anati sangadziwe panopa.

Kuyabwa kwachepa, wabwerera kusukulu. M'mawa uliwonse ndimamuimika padzuwa kuseri kwa nthochi n'kumutsegula zikope. Tsiku lina ndimaona ngati ayera, tsiku lina ngati ayi, ndipo maso anga omwe sindikuwakhulupiriranso. Khadi lake ndimasunga ine, m'pulasitiki. Pamwamba pake dokotala analembapo dzina la Hana ndi chaka chimene anafa.

Shylet amandiphikira, amandichapira, koma salankhula nane zambiri. Dzulo anati mvula ikatha ndimutengere ku Chipinge akaone manda a mkulu wake. Ndinavomera. Sindinamuuze kuti sitinaikepo mwala, ndipo ndamva kuti pamalopo anabzalapo mitengo ya makadamiya.