Mainchesi Anayi

Ine Dorika wa ku Kabwazi, amene kwaya ikalakwitsa nyimbo ndimatembenuka n'kuiyang'ana mpaka ikonze, masiku ano ndimalowa m'tchalitchi kudzera khomo lam'mbali. Manyazi, abale anga. Ndipo sindinalodzedwe ayi, ndinadzichita ndekha.

Mwana wanga Elena atapeza banja, amayi a mnyamatayo, a Veronika a ku Kasina, ananditumizira nsalu. Anati amayi awirife tidzavale zofanana, ndipo wansembe akadzaitana makolo kuti adalitse ana, tidzaimirire limodzi kutsogolo, anthu aone kuti mabanja awiri agwirizana. Inali nsalu yobiriwira ya timaluwa tagolide, yochita kuitanitsa ku Tanzania, kuno simungaipeze. Vuto linali limodzi. A Veronika ndi munthu wowonda ngati bango, pamene ine mbatatesi ya kwathu kuno inandikonda kalekale. Ndinkati ndikaganiza zoima pambali pawo, mtima unkandiwawa.

Ndinapita nayo nsaluyo kwa a Zainabu, telala wa pa boma. Atandizunguliza tepi m'chiuno anatchula nambala mokweza ngati akuitanira minibasi.

"Chotsanipo mainchesi anayi," ndinatero.

"Amayi, nsalu ikadulidwa sibwerera."

"Ukwati uli kutali, miyezi iwiri yathunthu. Ndichepa ine. Dulani!"

Anandiyang'ana, nayang'ana sizasi, n'kudula.

Chimene chinkandilimbitsa mtima chinali khomo lotsatira, m'sitolo ya a Faizal. Ndinali nditamva kwa amayi ena kuti kumeneko kuli zochepetsa thupi zochokera ku Joni. A Faizal ananditulutsira timabala ta puloteni, tooneka ngati timidadada ta chokoleti, tokutidwa m'mapepala onyezimira, ndi chitini cha ufa wosungunula m'kapu.

"Kabala kamodzi m'mawa, kapu imodzi ya ufawu masana," anatero. Anayamba kufotokoza zinanso, koma galimoto ya ku Kabwazi inali ikuliza hutala panja, ine n'kuwadula pakamwa: "Ndamva, ndamva, si ine mwana!"

Tsono tandiuzani inu, ndani sadziwa kuti mankhwala samwera njala? Kuchipatala amatiuza, pa wailesi amanena, ngakhale mapiritsi a mutu omwewa amati uyambe wadya. Ndiye m'mawa ndinkamwa phala langa, kudya mbatata, kenako kabala pamwamba. Poti anali mankhwala amphamvu ochokera kunja, ndinawonjezerako chakudya kuti asandidule m'mimba. Masana ndikatha nsima ndinkasungunula ufa uja. Unali wozizira, choncho ndinkathiramo mkaka ndi masupuni atatu a shuga.

Tsiku lina amuna anga, a Ignasio, ananunkhiza kabala kamodzi.

"Amake Elena, izitu zikununkhira ngati chiponde chimene amapatsa ana onyentchera ku sikelo kuti anenepe."

"Inu dziwani za feteleza," ndinawayankha. "Za ku Joni zisiyeni."

Anangoti, "Chabwino," n'kunyamula khasu lawo.

Patatha mwezi ndinamva bulauzi zikundithina m'khwapa. Ndinadziuza kuti thupi limayamba latupa kaye mankhwala akamagwira ntchito, ndipo kuti zifulumire, timabala tinakhala tiwiri. Ndisaname, tinkakomanso.

Ukwati unali Loweruka, ine ndinapita kukayesa zovala Lachinayi. Bulauzi inalowa movutikira. Siketi inafika m'ntchafu n'kuima, osapita kumwamba, osabwerera pansi. A Zainabu anatenganso tepi yawo, ndipo ulendo uno nambala ananong'ona. Ndinali nditawonjezera mainchesi awiri.

"Mwakhala mukudya chiyani, amayi?"

Ndinatulutsa kabala m'chikwama, ndili wokonzeka kukalipira dziko lonse la Joni. Iwo anawerenga pa pepala lija, n'kuitana a Faizal pa windo.

"Mumadya nthawi yanji?" anafunsa a Faizal.

"Ndikatha kudya. Nanga mankhwala amamwera njala?"

Bamboyo anagwira pakamwa. "Mayo, amayi! Amenewa si mankhwala, ndi chakudya. Kamodzi kameneka kali ngati mbale yathunthu. Mumadya m'malo mwa phala, osati pamwamba pa phala. Anyamata onyamula zitsulo amadya pamwamba kuti akule. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani tsiku lija. Ndipo ngakhale mukanadya bwino, pakokha sikachepetsa munthu amene sanasinthe kadyedwe."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Miyezi iwiri ndinkadya kanayi pa tsiku, kwinaku ndikudzitama kuti ndili pa mankhwala!

A Zainabu anati aike nsalu ina yakuda m'mbali kuti siketi ikule. Ndinakana. A Veronika akaone kuti ndaika zigamba pa nsalu yawo? Ndiye anaphwasula misoko yonse n'kusokera m'mphepete mwenimweni.

"Ilowa," anatero, "koma musagwade."

"Pa Misa ndisagwade?"

"Ifenso Asilamu timagwada kasanu pa tsiku, amayi. Ndikudziwa chimene kugwada kumachita ndi msoko."

Loweruka a Ignasio anakoka zipi mpaka thukuta, kuli chisanu cha Juni. Ndinakhala pa benchi yakutsogolo, pambali pa a Veronika, ndikupuma pang'onopang'ono. Poimirira ndinkasamala, pokhala ndinkasamala. Koma wansembe atakweza Ukalistia, kabelu n'kulira, maondo anga anapita pansi okha monga achitira zaka makumi asanu. Kumbuyo kunangoti kwee! Kabelu kanabisa phokosolo, ndipo anthu onse anali atazolika. Ine ndinamva mphepo ikulowa pamene mphepo siyenera kulowa. Ndinabwerera pa benchi msangamsanga n'kukhalira chong'ambikacho.

Anthu ataimirira, ine khale. Atapita kukalandira, ine khale. A Veronika anandiyang'ana cham'mbali.

Kenako wansembe anati, "Makolo a mbali zonse ziwiri abwere adzadalitse ana awo."

A Ignasio anaimirira, poti iwo anali ku benchi ya abambo ndipo sankadziwa kanthu. A Veronika anaimirira n'kundipatsa dzanja.

"Tiyeni, anzanga."

Ndinayang'ana pansi. Kumbuyo kwanga kunali amayi odzaza mabenchi, aliyense ndi chitenje chapadera m'chikwama. Mawu atatu okha, "Ndibwerekeni chitenje, yang'ambika," akanatha nkhani yonse. Koma ine Dorika ndinene zimenezo apongozi a mwana wanga akumva? Ine khale.

Wansembe anaitananso: "Amayi a mkwatibwi?"

Manong'onong'o anayamba. "Akana." "Ukwatiwu sanaufune." "Ngakhale kulandira sanalandire." Elena, ali chigwadire kutsogolo, anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwiye mwana wanga, anangodikira. Ataona kuti sindikusuntha, misozi inayamba kutsika. Dzanja la a Veronika linabwerera pang'onopang'ono. Anapita okha, ndipo anasanjika dzanja limodzi pa mwana wawo, lina pa mwana wanga.

Ndinakhala pa benchipo mpaka tchalitchi chonse chinatuluka. A Ignasio atabwera kudzandifuna ndinawaonetsa, iwo n'kuvula jekete n'kundimanga nayo m'chiuno, osanena za chiponde ngakhale liwu limodzi. Ku madyerero ndinafika mochedwa nditavala zina, ndipo a ku Kasina anati onani, ngakhale nsalu yathu waivula.

Patatha sabata Elena anabwera yekha. Ndinatulutsa siketi ija, ndinatulutsa chitini, ndinamuuza zonse kuyambira pa mainchesi anayi. Ndinkayembekeza kuti aseka, ndipo kuseka kukanandipepuza. Sanaseke.

"Amayi, mukanangoimirira," anatero. "Anthu akanaseka tsiku limodzi n'kuiwala. Pano ku Kasina ine ndine mkazi amene amayi ake anakana kumudalitsa. Ndikakawauza za siketi, aziti ndikukubisirani."

Ndinatambasula manja kuti ndimudalitse pomwepo. Anagwada, inde, ndi mwana waulemu, ndipo ndinamusanjika manja onse awiri pamutu. Koma m'nyumbamo tinalimo awiri okha.