Nkhope ya Apongozi pa Chinsalu

Ngakhale atatseka maso ankawaonabe amai Olipa, apongozi ake, goli lili m'khosi, atagwada pamaso pa mzungu wa chipewa choyela. Vitalis Njobvu anawaona chotelo m'kanema dzulo ku Petauke, pamene bwana Colley, mwini galimoto ya kanema, ankamulowezetsa mau oti akanene pa chimkuzamau, pakuti kanemayo anali wa Chingelezi ndipo ntchito ya Vitalis inali kuuza anthu zimene akuona. Tsopano galimoto inali itaima pabwalo ku Nyimba, dzuwa likupendeka, iye akukoka zingwe za chinsalu, ndipo mau aja ankamuwawa m'kamwa ngati mankhwala a malungo: awa ndi anthu amumdima, analibe mfumu, analibe nzelu, mpaka boma linawaombola, ndipo lelo Chitaganya chikuwalela.

Anawapelekeza ndani azungu ojambula kanemayo kwa Nyalugwe chilimwe chatha? Si iye yemwe, atavala jekete, akuuza mudzi wa mkazi wake Dainess kuti azungu akufuna kujambula mbili ya Ansenga? Akuluakulu anatulutsa mivukuto, anasungunula chitsulo monga ankachitila makolo, amai Olipa anaimba nyimbo ya maliro a mfumu — zonsezo azunguwo anajambula, iye anaona ndi maso ake — koma m'kanema munatsala goli lokha, lija anawaveka tsiku lomaliza akuti ndi sewelo chabe. Kapena anadziwa, kapena sanafune kudziwa. Jekete limene azunguwo anamupatsa linali latsopano.

"Usawonjezele zako," anatelo bwana Colley m'Chinyanja chake chopindika. "Ndimamva."

"Inde, bwana."

Ankamvadi, osati zonse, koma zokwanila kuchotsela munthu ntchito.

Anthu a kwa Nyalugwe anafika chamadzulo, fumbi lili m'miyendo, atayenda kuchokela m'mawa kuti adzadzione. Dainess anamupeza kuseli kwa galimoto.

"Amai avala chitenje chija cha ku tchalitchi," anatelo akuseka. "Akuti muwanene bwino, a Njobvu."

Chikwatilile sanawayang'anepo kumaso apongozi akewo, sanatchulepo dzina lawo. Akakumana panjila iye amapatukila kutchile, monga ayenela mkamwini woleledwa. Ndiye lelo aimilile, nkhope yawo itakula ngati khoma la nyumba, awatche munthu wamumdima, mudzi wonse ukumva? Ayi. Dzina sangalitchule, zimenezo ngakhale bwana atamuopseza ndi mfuti, koma pali njila imene mkamwini amatchulila apongozi, ndipo adzawatchula motelo, kenaka adzatchula a Abraham osula makasu, ndi ena onse mmodzimmodzi, ndi zimene manja awo amadziwa, mpaka chimkuzamau chizimitsidwe.

Mdima utangoyamba, makina analila, kuwala kunagwa pa chinsalu. Anthu anakuwa poona mitengo ya kwawo. Kenaka goli linaoneka, ndipo phokoso linatha ngati lathilidwa madzi.

Vitalis anagwada, chimkuzamau chili m'manja, maso ali pansi.

"Amene mukuwaonawa," anatelo, "ndi amake Dainess, amene anandipatsa munda. Sanagwidwepo ukapolo."

Kumbuyo kwake mpando wa bwana unakhuluzika. Vitalis sanatembenuke. Pa fumbi patsogolo pa mawondo ake kuwala kwa nkhope ija kunkagwedezeka, ndipo penapake m'khamulo munthu mmodzi anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, mwa kuomba kwa akazi achikulile akamathokoza.