Mfundo za Kumbuyo kwa Pulopela

Mabuku a ndegeyo analipo atatu: la injini, la mawaya, ndi la nsalu. Anali atachita chikasu ndi ukalamba, akununkha girisi. Amakaniko ankayamba asamba m'manja asanawatsegule.

Ndegeyo inali ya mapiko awiri, lina pamwamba lina pansi, imene kalekale asilikali ankaphunzirira kuuluka. Inagona mu shedi zaka makumi atatu. Tsopano kunatsala sabata imodzi kuti iulukenso pa chionetsero, ndipo wodzaiulutsa anali mwana wamkazi wa amakanikowo.

Nsalu yokuta mapiko inasokedwa ndi alamu awo, atelala a madiresi a ukwati. Anaimangirira ku nthiti za phiko ndi ulusi wopaka phula, mfundo zotalikirana mofanana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Aliyense wolowa mu shedi ankaimba mluzu poona ntchitoyo.

Amakaniko okha sanaimbe. Anayenda ndi rula, buku la nsalu lili m'khwapa, n'kukaima pa phiko lam'munsi, pafupi ndi thupi la ndege.

"Alamu, apa ayi."

"Ayi chiyani? Zapindika?"

"Zawongoka. Koma zatalikirana."

Atelala anagwira m'chiuno. "Inu amene batani la malaya limakugonjetsani, lero mukundiphunzitsa kusoka? Ndasoka zaka makumi anayi, palibe mkwatibwi anabweza diresi!"

"Mkwatibwi sayima kumbuyo kwa pulopela."

Amakaniko anatsegula bukulo pa benchi, n'kuloza ndi chala. Tsambalo linkati pomwe pamawomba mphepo ya pulopela mfundo zithithikane kuwirikiza, apo ayi nsalu imatukuka, kenako n'kung'ambika ndege ili m'mwamba. M'munsi mwake munali chithunzi chojambula pamanja: mfundo imodzi, magawo asanu ndi limodzi, kamuvi kakusonyeza polowa singano ndi potulukira.

Atelala anavala magalasi kuti apeze cholakwa. Anayamba kutsatira ndi chala ulusi wa pachithunzipo.

"Koma munthu ameneyu ankaidziwa singano," anatero pomaliza. "Taonani, wasonyeza ngakhale potsamira chala chachikulu. Ameneyu sanali msilikali chabe."

"Ndi mwana wanga adzakhale m'ndegemo," anatero amakaniko.

"Ndi wanu nokha? Matewera ake ankasoka ndani?" Anatulutsa singano yaitali ngati mkono. "Pitani kuseri kwa phikolo. Ine ndikabaya, inu muzilandira n'kubweza. Mukandisokonezera ulusi, ndikusokerani komweko."

Anagwira masiku anayi, wina uku wina uko, osaonana nkhope, singano yokha ikupita n'kubwera. Mzere wa mfundo sunakhalenso wofanana, ndipo atelala ankadandaula nazo m'mawa uliwonse.

Tsiku la chionetsero anthu onse ankayang'ana ndege ikukwera. Awiriwo anadikira kuti itere. Mwanayo asanavule n'chipewa chomwe, amakaniko anali atafika kale pa phiko lam'munsi, akusisita nsalu ndi chikhatho. Inali yokungika ngati ng'oma.

"Nanga?" anafunsa atelala.

"Zagwira, alamu."