Wotchi Yoyang'ana Kukhoma

Mu shopu ya wokonza mawotchi munali mawotchi makumi atatu, koma ukafuna kudziwa nthawi unkayenera kutuluka panja kukafunsa wodutsa. Wotchi iliyonse inali ndi maganizo akeake. M'menemo ndi momwe anakulira mwana wamkazi wa mwini shopuyo, amene kunyumba ankamutchula kuti Nachedwa, chifukwa akagwira chinthu sankachisiya mpaka chitawala.

Khalidwe limeneli ndi labwino pokonza wotchi, koma pa mayeso olowera ku yunivesite linamugwetsa. Chaka chatha anaperewera ndi mamalikisi anayi okha. Mayankho ankawadziwa, koma pamene woyang'anira mayeso ankati zolembera pansi, iye n'kuti asanatsegule n'komwe tsamba lomaliza. Tsopano anali ndi mwayi umodzi wobwereza. Akalepheranso, ndiye kuti adzakalambira pa benchi ya m'shopumo, kagalasi kali pa diso.

Bambo ake anamuikira tebulo kuseri kwa kauntala, namulanda foni, n'kutenga wotchi yakale ya belu, ija ili ndi kamuvi kofiira kosonyeza nthawi yoti ilire.

"Ola limodzi pa pepala lililonse," anatero bamboyo akuitembenuzira kukhoma. "Ndipo usamaiyang'ane. Ikalira, cholembera pansi."

Sabata yonse belulo linkamupeza ali pakati pa pepala. Tsiku lina anayamba kulemba pamene wailesi ya wometa tsitsi wa khomo loyandikana inkayamba nkhani za 2 koloko. Belu litalira, anadikira nkhani za 3 koloko. Zii. Nyimbo inatha, inanso inatha, kenako yachitatu, m'pamene nkhani zinabwera. Nachedwa anaiyang'ana wotchi ija monga mmene umamuyang'anira mnzako amene wakudyera miseche.

Bambo ake atapita kukagula mabatire, Nachedwa anaitsegula wotchiyo. Zoonadi, mdalayo anali atazula kamuvi kofiira n'kukabwezera mokhota, kuti belu lizilira kutatsala mphindi khumi. Kunamiza mwana wa wokonza mawotchi ndi wotchi! Nachedwa anazula kamuviko nayenso, n'kukakhotetsera mbali inayo. Sanangodzibwezera mphindi zake khumi, anawonjezerapo zina khumi za chipukutamisozi. Anapukuta galasi, naibwezera pamalo pake, ndipo bambo ake pobwera anamupeza ataweramira buku ngati mngelo.

Mawa lake wometa tsitsi analowa atakupatira wailesi yake.

"Akulu, mwati mwamva kuti ikukhosomola? Ine sindikumva kanthu."

"Ndi mmene zimayambira," anayankha bamboyo ndi nkhope yachisoni. "Isiyeni pano isanapserere."

Wailesiyo inakwera pashelefu ya pamwamba, ndipo tsiku lililonse mwini wake ankauzidwa kuti kachitsulo kake sikanafike. Nachedwa sanaganizepo kanthu. Anakondwa kumene kuti mboni yokhayo yomwe ikanamuyalutsa yatsekedwa pakamwa.

Koma chisangalalocho sichinakhalitse. Ndi ola lake lonenepalo, belu linkamupezabe asanamalize. Apa mantha anamugwira zenizeni. Ngati mphindi makumi asanu ndi awiri sizikumukwanira, nanga makumi asanu ndi limodzi za m'holo ya mayeso zidzamuthandiza chiyani? Kuulula sakanatha, kutsegulanso wotchiyo ankachita nako manyazi. Ndiye anangolimbana ndi pepala. Anasiya kujambula mizere ndi rula pansi pa yankho lililonse. Funso likamuvuta, anaphunzira kulidumpha n'kudzalibwerera, ngakhale mtima unkamuwawa ngati wasiya wotchi ya munthu ili chitsegulire. Pofika sabata yachisanu ankamaliza belu likungoyamba kulira.

"Wayamba kuthamanga tsopano," anatero bambo ake.

"Eya, bambo," anayankha Nachedwa akuyang'ana pansi, poti ankadziwa kuti liwiro lakelo ndi lakuba.

Tsiku la mayeso analowa m'holo ali ndi chikhulupiriro choti mphindi khumi zimuperewera. Sanayang'ane wotchi ya pakhoma ngakhale kamodzi, ankaopa kuti imufooketsa. Analemba ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Atamaliza funso lotsiriza anatseka maso kudikira mawu aja a zolembera pansi, koma anangomva mapepala a anzake akutembenuzidwa. Atadzutsa mutu anaona kuti kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Anabwerera ku mafunso awiri omwe anawadumpha, ndipo nthawi inatsalabe yojambulira mizere ndi rula.

Atafika kushopu sanapereke n'komwe moni. Anatenga wotchi ija n'kuitsegula. Kamuvi kofiira sikanali pomwe iye anakasiya. Kanali katabwerera mbali yoyamba ija, n'kupitiriranso. Masabata onsewo iye ankalemba pepala la ola limodzi m'mphindi makumi anayi ndi zisanu.

"Bambo, munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo." Bamboyo sanachotse n'komwe kagalasi pa diso. "Wotchi imeneyo yakhala ndi fumbi zaka khumi. Ndikubwera kokagula mabatire ndikupeza galasi lake likuwala. Wakuba wanji amene amapukuta pomwe waba?"

Nachedwa anafuna kukwiya, koma chinatuluka ndi chiseko.

"Koma unakabwezera bwino kamuviko," anapitiriza bamboyo, mawu atatsika. "Osakanda paliponse. Ineyo ndili ndi zaka zako sindikanatha."

Zotsatira zitatuluka, Nachedwa anali atadutsa ndi mamalikisi khumi ndi limodzi pamwamba pa ofunikawo. Tsiku lomwelo wailesi ya wometa tsitsi inachira mwadzidzidzi, ndipo mwini wake anayamikira kuti ikumveka bwino kuposa kale.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, bambo ake anamuikira wotchi ija m'chikwama, itakulungidwa m'thaulo.

"Ndaikonza. Tsopano ikunena zoona."

"Nanga pa benchi pano azikuthandizani ndani, bambo?"

Bamboyo anayang'ana mpando wa mwana wake, womwe unali utakankhidwira kale pansi pa benchi. Zaka zonsezi anali akusula manja abwino kuposa ake, ndipo ndi iye yemwe amene anawachitira chinyengo kuti achoke. Zinamupweteka, koma sanafune kuti zioneke.

"Nyamuka, mayi," anatero akubwezera kagalasi pa diso. "Uchedwa."