Dokotala Wopanda Abale

Kwathu sitipita kwa munthu amene sitikumudziwa. Makaniko wathu ndi msuweni, ngakhale galimoto imatuluka m'galaja mwake ikutsokomola kuposa mmene inalowera. Wometa ndi mwana wa azakhali. Wozula mano anakwatira mdzukulu wa amalume, ndipo amakufunsa za odwala kunyumba iwe kukamwa kuli yasa, zitsulo zili m'kati. Ukatchula vuto pamaso pa amayi, safunsa kuti chikupweteka n'chiyani. Amafunsa kuti, "Tili ndi ndani kumeneko?"

Woyankha funso limenelo ndine, mwana wawo woyamba, wosoka makatani. Ndalowa m'nyumba zambiri ndi tepi yanga yoyezera mawindo, ndipo munthu akakulowetsa kuchipinda kuti uyeze windo, wakuuza kale theka la mbiri yake. M'tauni muno mutandilozera munthu aliyense, tiyi asanazizire ndikhala nditamupezera chibale ndi ife. Choncho mlongo wanga wamng'ono atasiya kulankhula, ntchito inagwera ine.

Mlongo wangayo timamutcha Wailesi. Ali mwana ankayamba kulankhula asanatsegule maso, ndipo atakula sanasinthe. Amawotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a zitseko, mashelefu a m'magolosale. Geti lako linkachedwa ndithu, koma unkachoka pashedi pake nthiti zikupweteka ndi kuseka. Mkazi wake atakhala woyembekezera, Wailesi anawotcherera kabedi kamwana, napala makona onse ndi tupa mpaka kusalala, n'kukapaka penti yachikasu. Aliyense wodutsa ankaitanidwa kudzakagwedeza kuti aone kulimba kwake. Ine ndinasoka kaneti kake, koyera, ka timaluwa m'mphepete.

Mwana anabadwa, wamkazi, koma sanatuluke m'chipatala. Kabedi kanatsala kushedi, kataphimbidwa ndi chisaka, ndipo Wailesi anazima.

Abale anayesetsa monga mmene abale amayesetsera. Amalume anati mwamuna salira. Azakhali anati akadali ana, adzabereka wina, ngati kuti chasweka ndi kapu. Abusa anabwera, anapemphera mpaka thukuta, anamwa tiyi, napita. Kwa onsewa Wailesi ankangoti zikomo. Kuntchito ankapita, koma chigoba chake chowotchererera chinkakhala chotsitsa kumaso ngakhale makina atazima.

Tsiku lina mlamu wanga, mkazi wa Wailesiyo, analowa m'shopu mwanga n'kukhala pamulu wa nsalu. Anali atawonda mpaka mphete ikuzungulira pachala.

"Alamu, ndataya mwana mmodzi, koma m'nyumba muja maliro ndi awiri," anatero. "Ndikayamba kulira, iye amatuluka. Mwezi uno ukatha ali chomwechi, ndikupita kwathu. Sindingalire ndi khoma."

Sanali kuwopseza, ndipo zimenezo n'zimene zinandichititsa mantha. Ananenanso kuti namwino wina anamuuza kuti kuli akatswiri a zamaganizo, anthu amene ntchito yawo n'kukhala pansi n'kumvetsera. Ine ndinadabwa kuti kumvetsera nakonso amakuphunzira kusukulu, koma ndinakauza amayi. Poyamba anakwiya, ati mwana wawo si wamisala, satola mapepala mumsewu. Nditafotokoza kawiri, anapukuta manja n'kufunsa funso lawo lija.

Katswiri woyamba ndinamupeza tsiku lomwelo. Anali mayi wina woimba kwaya limodzi ndi amayi, wa satifiketi yake yeniyeni yopachika pakhoma, m'kachipinda kuseri kwa famase. Ndinapita ndekha kaye kukamufotokozera nkhani yonse, kuti asavutike n'kufunsa. M'mawa mwake ndinamukokera Wailesi kumeneko. Titangolowa, mayi uja anatambasula manja n'kunena kuti mwana uyu anamunyamulapo ali khanda, mpaka anamukodzera diresi latsopano. Wailesi anakhala pampando ngati thumba la simenti, ndipo anatuluka osatsegula pakamwa. Lamlungu anaona amayi athu atamupanikiza mayi uja pakhomo la tchalitchi, akumunong'oneza. Kunena zoona, mayiyo sanaulule kanthu, analibenso choti aulule. Koma Wailesi anaona mitu iwiri itagundana, ndipo sanabwererenso.

Wachiwiri anali bambo wa magalasi wa kuchipatala chachikulu, mnzake wa mwamuna wanga, woonera naye mpira Loweruka lililonse. Muofesi mwake munali fani yolira ngati ikudandaula ndi maluwa apulasitiki odzaza fumbi. Kumeneko Wailesi analankhula, ndipo ine panja ndinayamba kuthokoza Mulungu. Nditatchera khutu pachitseko, ndinamva kuti akukambirana za goloboyi wa timu yawo, kuti manja ake ndi obooka. Bambo uja anayesa kukhotetsa nkhani, koma Wailesi ankaibweza pa mpira ngati munthu wokhomerera msomali.

Wachitatu sitinafike n'komwe. Ndinali nditamusokera makatani chaka chatha, ndipo m'minibasi ndinaganiza zomulimbitsa mtima Wailesi. Ndinamuuza kuti asachite manyazi, dokotalayo naye ali ndi zake: mkazi anamuthawa, anatenga ndi firiji yomwe, chipinda chogona chili mbee. Wailesi anandiyang'ana, anagogoda denga la minibasi, natsika pamalo pamene panalibe ngakhale siteji.

Ndinapsa mtima. Madzulo ake ndinamutsatira kushedi, ndinazima makina ake pakhoma, n'kuyamba. Ndinamuuza kuti ndasiya makasitomala, ndatha nsapato, ndamupezera anthu atatu ophunzira, onse odziwika, onse athu. Ndinamuuza kuti mkazi wake wayamba kupinda zovala. Ndinamufunsa ngati akufuna ndimuitanire mngelo. Anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anakweza chigoba chija. Ndinali ndisanaone nkhope yake bwinobwino kwa nthawi yaitali, ndipo inali itakalamba.

"Achemwali, ndipezereni munthu amene sakudziwani."

"Ukuti chiyani?"

"Zimene zili m'mtima mwangamu sindinganene kwa munthu amene mawa adzakupatsani moni."

Zinandiwawa, ndisaname. Ndinapita kunyumba ndikulankhula ndekha mumsewu, mpaka ogulitsa nthochi anandiyang'ana ngati wofunika dokotalayo ndine. Moyo wanga wonse ndamanga pa kudziwa anthu, lero mwana amene ndinamubereka kumsana akuti mankhwala ake ndi munthu amene sanamvepo za ine. Koma mwezi unali kutha, ndipo zikwama za mlamu zinali zitatsika pamwamba pa kabati.

Ndiye ndinayamba kusaka chammbuyo. Ndinkapeza manambala pafoni, pazikwangwani, kwa anamwino, n'kuimba. Sindinkafunsa za sukulu kapena za satifiketi. Ndinkangonena dzina langa n'kudikira. Wina anati, "Aa, amakatani, muli bwanji?" Ndinadula. Wina anafunsa ngati amayi mwendo uja unapola. Ndinadula. Wina sankandidziwa, koma mlembi wake anakuwira chapatali kuti andifunse ngati makatani a mlongo wake atha. Ndinazindikira kuti m'tauni muno kupeza munthu wosandidziwa n'kovuta kuposa kupeza makaniko wonena zoona.

Potsiriza ndinaimbira mayi wina amene anali atangotsegula ofesi kutsidya kwa tauni, pamwamba pa shopu ya matayala. Nditanena dzina langa, anati, "Pepani, ndani?" Sindinamvepo mawu onyoza ndi okoma nthawi imodzi ngati amenewo. Nditayamba kumufotokozera za mlongo wanga, anandidula mwaulemu, ati mwiniwake adzanena yekha, ngati adzafune. Ndinatsala ndi nkhani yonse m'kamwa ngati munthu amene wamwa tiyi wotentha pagulu.

Tinapita masana a tsiku lotsatira. Masitepe anali kununkha labala, ndipo pansi anyamata a matayala ankamenya chitsulo. M'chipinda chodikirira munali benchi, ndowa ya madzi akumwa ndi kapu imodzi, ndi makatani obiriwira opindidwa mokhota, mbali ina kukwekwera pansi. Mtima unakhala m'malo: amenewo sanasokedwe ndi ine, ngakhale ndi aliyense amene ndinamuphunzitsa.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka mayi wamfupi, wa imvi zoyamba kumene, wa mpata pamano. Anapatsa moni Wailesi, namulozera m'kati, ndipo potembenuka phewa lake lamanzere linagwa pang'ono, ngati munthu wonyamula ndowa yosaoneka. Mutu wanga sufunsa chilolezo. Phewa limenelo ndinkalidziwa. Linali la mkulu wina wokonza mawotchi amene tinkakhala naye moyandikana ndili kamtsikana, Wailesi asanabadwe. Mkuluyo anali ndi mwana wamkazi wa mpata pamano amene anapita kutali kusukulu osabwereranso. Ndipo mng'ono wake wa wokonza mawotchiyo anakwatira msuweni wa amayi. Ndinatsala pang'ono kuimirira. Munthuyu anali wathu, wathu weniweni, woti pa ukwati angakhale kutsogolo.

Lilime linandiyabwa mpaka m'makutu. Ndinaona kale nkhope ya amayi ndikuwauza, ndinamva kale azakhali akuti magazi sasochera. Ndinakhala pabenchi paja nditaluma chala, ndikuyang'ana makatani onyansa aja kuti andithandize.

M'kati munali chete kwa nthawi yaitali, moti ndinati basi, nayenso walephera. Kenako ndinamva phokoso limene poyamba ndinayesa la anyamata a matayala, ngati sowo ikudula chitsulo. Anali mlongo wanga akulira. Sindinamumvepo akulira chonchija, ngakhale tsiku limene tinachoka kuchipatala manja ali lende. Kulirako kutachepa, mawu anayamba, otsika, osaduka, ngati mvula yoyamba padenga. Chitseko chinali chopyapyala. Ndikanasendeza benchi pang'ono, ndikanamva zonse. Ndinanyamula chikwama changa n'kukakhala pamasitepe, pafupi ndi phokoso la matayala, ndipo kumeneko nanenso ndinalira.

Atatuluka, maso anali ofiira ngati wawotcherera wopanda chigoba. Mayi uja anamuperekeza mpaka pakhomo, namuuza tsiku lobweranso, n'kuwonjeza kuti ulendo wina akhoza kubwera ndi mkazi wake ngati onse atafuna. Kenako anandiyang'ana ine, motalikirapo pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti nayenso wandizindikira. Anangoti, "Muyende bwino, mayi," ngati akutsanzika munthu wogulitsa matsache.

Tili pakati pa masitepe, Wailesi anaima. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ali mwana akafuna kudziwa ngati jakisoni amapweteka.

"Achemwali, amenewa mukuwadziwa?"

Yankho lonse linali pamilomo, kuyambira wokonza mawotchi mpaka msuweni wa amayi. Ndinalimeza, ndipo linatsika ngati fupa.

"Ayi."

"Zoona?"

"Sindinawaonepo chibadwire. Ndipo makatani awo ndi onyansa."

Anaseka. Kanali kaseko kakang'ono, ka dzimbiri, koma kanali kake.

Pobwerera tinadutsira kwa amayi, amene tinawapeza pakhonde ndi azakhali, onse makosi atatalika. Sanafunse ngati mwana wawo wapezako bwino. Anafunsa kuti dokotalayo ndi mwana wa ndani. Ndinawauza kuti alibe abale, anangomera yekha ngati bowa. Amayi anapukusa mutu ndi chisoni chenicheni, ati dziko latha, munthu wophunzira chotero kukhala wopanda mwini. Azakhali anati ndikawapatsa dzina adzafufuza. Ndinati dzina ndaiwala, ndipo onse awiri anandiyang'ana ngati tsopano wodwala ndine.

Wailesi sanakhale pansi. Anapita kushedi kwake, ine ndikumutsatira patali ngati mmene ndachitira moyo wake wonse. Anachotsa chisaka chija, anapukuta fumbi ndi malaya ake, nasenza kabedi kachikasu kaja pamutu, kudutsa nako mumsewu anthu akuona. Atafika kunyumba kwake, mlamu anali pakhomo, zikwama ziwiri zili kumbuyo kwake m'khonde. Ataona kabediko anagwira pakamwa. Wailesi anakatsitsa pansi pakati pawo, nagwira chitsulo chake ndi manja onse awiri.

"Ndinkaopa kuti ukakaona usweka," anatero. "Koma woopa kukaona ndinali ine."

Mlamu anakhala pansi pomwepo, pasitepe, ndipo Wailesi anakhala pambali pake n'kupitiriza kulankhula. Ndinali pageti, geti limene Wailesi anawotcherera yekha, ndipo mphepo inkabweretsa mawu onse kwa ine mwaulere. Ndinatuluka, ndinalikoka mpaka linatsekeka, n'kubwerera kushopu kukamaliza makatani a anthu.